Mutu Wosamva Mankhwala: Mbiri ya Nthenda Ina ku Mzimba

Olemba mbiri ya dziko la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa amakonda kuyambira pa Zambezi, pamene Zwangendaba adaolotsa anthu ake m'chaka cha 1835, dzuwa litada usana, ndipo amalondola mapazi a Angoni kufikira pamene adamanga midzi ndi makola awo m'zigwa za Kasitu ndi Rukuru. Komatu ilipo mbiri ina imene sitchulidwa pa phiri la Hora tsiku la Umthetho, imene idalembedwa m'mabuku a zipatala ndi pa mitumbira ya kumanda, ndiyo mbiri ya matenda amene adalowa pakati pa anthu ndi ya nzeru zimene anthuwo adayesa polimbana nawo. Mwa matenda onsewo ilipo nthenda imodzi imene yatenga anthu ambiri ngakhale dzina lake silidziwika kumudzi: nthenda ya mutu yogwira munthu amene kachirombo ka HIV kagwetsa chitetezo cha m'thupi mwake, imene madokotala amaitcha cryptococcal meningitis, ndipo m'mawodi amangoti crypto.

Choyambitsa nthendayi si mlendo m'dziko lino ayi. Ndi chuku chaching'ono chosaoneka ndi maso, chachibale ndi yisiti wofufumitsa buledi, ndipo chidali m'dothi, m'mphako za mitengo ndi m'zitosi za mbalame Angoni asanafike, inde ngakhale Atumbuka amene adawapezawo asanagwetse mtengo wa munda wawo woyamba. Anzeru a ku Ulaya adachiona koyamba m'chaka cha 1894, pamene Francesco Sanfelice wa ku Italy adachipeza m'madzi osasa a chipatso cha pichesi, ndipo chaka chomwecho Otto Busse ndi Abraham Buschke a ku Germany adachipeza m'chilonda cha pa fupa la mwendo wa mayi wina. M'zaka za m'ma 1950 Chester Emmons wa ku America adaonetsa kuti chimakonda zitosi za nkhunda, ndipo m'masiku athu ano ofufuza achipeza m'mitengo ya tsanya ku Botswana ndi ku Zambia. Tinjere take timauluka ndi fumbi, anthufe timatipuma, ambiri tikali ana, ndipo timagona m'mapapo zaka zambiri osachita kanthu, pakuti thupi la munthu wolimba lili ndi alonda ake. Sichichoka kwa munthu kupita kwa mnzake, kotero wosamala wodwala, womusambitsa ndi kudya naye mbale imodzi, alibe choopa. Chili ngati fisi amene amazungulira khola usiku uliwonse chaka ndi chaka, ng'ombe zili phee kubzikula m'katimo, kufikira tsiku limene chiswe chatha mizati. Fisi ndi yemwe uja, chimene chasintha ndi mpanda.

Chifukwa chake asing'anga achizungu oyamba m'dziko la Angoni, Dr Walter Elmslie amene adafika pa Njuyu m'chaka cha 1885, ndi Dr Agnes Fraser amene adachiza anthu pa Loudon, ndiyo Embangweni, mwamuna wake Donald Fraser atatsegula misoni pamenepo mu 1902, adatha masiku awo polimbana ndi malungo, zilonda za m'miyendo, khate ndi amayi ovutika pobereka. Nthenda ya chuku mu ubongo idali yosowa kotero kuti dokotala akadatha kukalamba pa ntchito yake osaiona ndi kamodzi komwe.

Koma m'zaka zomwezo udatseguka msewu umene udadzalamulira moyo wa boma lino kufikira lero. Mu 1904 mafumu a Angoni adakumana ndi Alfred Sharpe, mkulu wa boma la Angerezi, pa Ekwendeni nalola ulamuliro wa Angerezi. Msonkho sudachedwe kutsata. Ndipo popeza kuno kudalibe minda yaikulu ya tiyi yolemba anthu ntchito monga ya ku Thyolo ndi Mulanje, amuna adatembenuzira nkhope zawo ku Harare, ku migodi ya mkuwa ya ku Zambia ndi ku Joni. Ena adapita ndi bungwe lolemba antchito a kumigodi la WENELA, limene pambuyo pake lidatchedwa TEBA, ena adapita paokha mwa selufu. Ena adabwera ndi ndalama zogulira ng'ombe za malowolo, njinga ndi malata, ena sadabwerenso nasanduka matchona. Mu April 1974 ndege ya WENELA idagwa pa Francistown nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu kwa zaka zingapo. Ntchito itayambiranso kudadza mlandu wina, pakuti mu 1986 eni migodi atayeza magazi a antchito awo adapeza kuti Amalawi pafupifupi 4 mwa 100 alionse adali ndi kachirombo. Boma la South Africa lidafuna kuti aliyense ayezedwe asanachoke kwawo, boma la Malawi lidakana, ndipo pakati pa 1988 ndi 1992 amuna okwana ngati 13,000 adabwezedwa. Tisasenzetse amuna amenewa mlandu wa mliri wonse, pakuti kachirombo kadayenda m'misewu yonse, wa M1 wodzera pa Jenda, wa ku Lundazi, ndi tinjira ta kumisika ndi kumowa tomwe. Chimene tiyenera kusunga m'mtima n'chakuti migodi itatseka zipata zake msewu wa ku Joni sudatseke: ana ndi adzukulu a amuna a TEBA akuuyendabe, tsopano kukalima maluwa m'mabwalo a nyumba za eni chuma, kukaphika ndi kukagulitsa m'masitolo.

Munthu woyamba kutsimikizidwa kuti ali ndi Edzi m'Malawi adapezeka ku Lilongwe mu 1985, m'masiku amene nkhani zotere sizinkakambidwa poyera. Anthu adaipatsa nthendayo maina awo, ena kaliwondewonde, ena magawagawa, ndipo adaphunzira kuizindikira ndi maso: kuonda, kutsegula m'mimba kosaleka, mashingozi, chifuwa chachikulu, ndi zoyera za m'kamwa ndi kukhosi zoletsa munthu kumeza nsima, zimene nazonso ndi chuku cha mtundu wina. Koma nthenda ya mutu idanyenga onse, chifukwa imayamba mofatsa. Munthu amadandaula mutu sabata imodzi, ziwiri, zitatu. Amamwa panado wa pa golosale, amalandira mankhwala a malungo, poyamba kolorokwini, kuyambira 1993 mpaka 2007 fansida, koma mutu osamva. Thupi silitentha kwambiri, ndipo nthawi zambiri khosi siliuma monga lichitira pa matenda ena oumitsa khosi. Kenaka amayamba kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, kubisa nkhope pa kuwala, makutu kugontha. Potsiriza munthu waulemu, mkulu wa mpingo kapena mphunzitsi, amalankhula zosamveka, amaiwala ana ake, amagwa ngati wakhunyu.

Tsono abale akaona zotere, makamaka pa munthu amene wangobwera kumene ndi katundu wochokera kunja, adzaganiza chiyani? Ena adati amulodza chifukwa cha nyumba ya malata. Ena adati ndi vimbuza, napita naye kwa nchimi, ng'oma n'kulira usiku wonse. Sitinyoza vimbuza, gule wochiza wa Atumbuka amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, pakuti watonthoza mitima yosweka yambiri. Koma ng'oma sifika kumene kuli chuku. Chimene chimachitika m'thupi ndi ichi. Alonda a m'magazi otchedwa CD4, amene mwa munthu wolimba amakhala pakati pa 500 ndi 1,500 m'kadontho koyezera, akatsika kufika pansi pa 100, tinjere tija timadzuka m'mapapo, timalowa m'magazi, ndi kukakhazikika m'madzi amene amazinga ubongo ndi kutsikira mumsana. Kanjere kalikonse kali ndi chikuto chonanda, ndipo tikachuluka timatseka tinjira timene madziwo amatulukira. Thupi limapitiriza kupanga madzi atsopano, chigaza sichifutukuka, ndipo ubongo ndi mitsempha ya maso ndi makutu zimapanikizika. Palinso adani ena amene amadzera pa mpata womwewo ndi zizindikiro zofanana, monga TB ya mu ubongo, chindoko chokhalitsa, ndi kachirombo kofala ndi amphaka kotchedwa toxoplasma, kotero ngakhale dokotala wodziwa sangawasiyanitse ndi maso okha.

Kuti timve kulemera kwa zaka zimenezo tiyang'ane kwa anansi athu. Mu 2001 madokotala a pa University Teaching Hospital ku Lusaka adalemba za odwala crypto 230 amene adawatsata: itatha miyezi 6 padalibe ndi mmodzi yemwe wamoyo. Ngati zidali chomwecho pa chipatala chachikulu cha likulu la dziko, nanga kwa munthu wa ku Khosolo kapena ku Luwerezi, wonyamulidwa pa ngolo kufika pamsewu?

M'zaka zomwezo mudabadwa mantha amene adakali nafe, ndiwo mantha a singano ya pamsana. Njira yotapa madzi a mumsana adaiyamba ndi Heinrich Quincke wa ku Germany mu 1891, ndipo machitidwe ake sadasinthe kwenikweni. Wodwala amagona chammbali, mawondo atawapindira pachifuwa, namwino atamugwira mapewa; dokotala amapapasa mafupa a kumunsi kwa msana, amapukuta ndi ayodini, nalowetsa singano yopyapyala pa malo amene chingwe chachikulu cha msana chatha kale. Madzi amatuluka oyera mbee. Kwa munthu wabwino amadontha mofatsa, kwa wa crypto amathamanga. Dontho limodzi akalisakaniza ndi inki yakuda pa kagalasi ndi kuliika pa makina okulitsa tinthu ting'onoting'ono, tinjere tija timaoneka tozungulira, kalikonse ndi mkombero wake woyera pakati pa mdima wa inkiyo. Ndipo singanoyo singoyeza chabe, imachizanso, pakuti akachotsako madzi okwana masipuni ochepa, munthu amene amalephera kutsegula maso amatha kudzuka ndi kupempha phala. Ndiponso thupi limapanga madzi amenewa pafupifupi theka la lita tsiku lililonse, kotero otapidwawo amabwerera dzuwa lisanalowe.

Nanga mantha adachokera kuti? Adachokera pa zimene maso adaonadi. M'zaka zopanda mankhwala, singano inkafika pa munthu amene watsala pang'ono kutsirizika, dzina la nthenda n'kupezeka, chochizira n'kusowa, mawa lake maliro. Amayi odikirira odwala, pophika pa mafuwa kuseri kwa chipatala, ankauzana kuti uje adamuchotsa madzi a pamsana dzulo, lero wapita. Ndipo mawuwo adapita nawo kumidzi pamodzi ndi mitembo. Umboni wawo udali woona, cholakwika chidali chigamulo chokha, pakuti wakupha adali chuku ndi kuchedwa. Pamwamba pa izi pali mwambo wa kuno, kumene mkazi amalowoledwa nakakhala kwa mwamuna, ndipo mawu aakulu pa moyo wa mwamunayo ali ndi atate ake ndi abale ake. Madokotala amva kambirimbiri mayi akupepesa atagwada kuti, “Adokotala, dikirani kaye ndiwauze adada awo, ine ndekha sindingavomere, angadzati ndapha mwana wawo.” Kale uthenga unkapita ndi njinga, lero umapita pa foni kwa alamu amene ali ku Johannesburg, amene ayankha akaweruka ntchito, nati afunse kaye amalume. Masiku awiri amatha, ndipo pa nthenda iyi masiku awiri ndiwo maso a munthu, kapena moyo wake.

Chomvetsa chisoni m'mbiri imeneyi n'chakuti mankhwala adalipo kale, dziko lino lisanalandire ufulu mu 1964. Amphotericin B adapezeka m'zaka za m'ma 1950 kuchokera ku dothi la m'mbali mwa mtsinje wa Orinoco ku Venezuela, ndipo flucytosine adapangidwa mu 1957. Koma woyambayo, mwa mapangidwe ake akale, ankafuna diripi ya masiku 14, ankavulaza impso ndi kuchepetsa magazi, ndipo ankafuna labotale yoyeza wodwala kawirikawiri. Wachiwiriyo sankagulitsidwa n'komwe m'maiko ambiri a mu Africa. Wachitatu, fluconazole wa kampani ya Pfizer, adali mapiritsi osavuta kumwa koma a mtengo woti wosauka sangaufike. Mu October 2000 Zackie Achmat wa bungwe la Treatment Action Campaign ku South Africa adapita ku Thailand nabwera ndi makapisozi otsika mtengo m'chikwama, akudziwa kuti akuswa lamulo la eni mankhwala. Ndipo m'nyengo ya mkangano umenewo Pfizer idayamba kupereka mankhwalawo ulele ku zipatala za boma, poyamba ku South Africa, pambuyo pake ku maiko ena kuphatikizapo Malawi.

Chaka cha 2004 ndicho chidatembenuza zinthu. Mu February Pulezidenti Bakili Muluzi adanena poyera kuti mbale wake adamwalira ndi Edzi, ndipo mu June boma lidayamba kupereka ma ARV ulele ndi thandizo la Global Fund. M'zaka zotsatira mankhwalawo adafika pa chipatala cha pa Boma, ku Embangweni, ndi pang'onopang'ono ku zipatala zazing'ono za kumidzi, kotero anthu amene abale adali atayamba kuwagawira zovala adabwerera kumunda. Chitetezo chikakwera chuku chimasowa polowera, ndipo odwala crypto adachepa. Koma kwa iwo amene nthenda idawafika kale mu ubongo, fluconazole payekha adali wofooka: madokotala a pa Queen Elizabeth ku Blantyre adalemba mu 2013 kuti oposa theka la odwala awo adamwalira asanathe masabata 10, ndipo pofika chaka adali atapita 3 mwa 4 alionse.

Pamenepa dziko lathu lidachita mbali imene tiyenera kuikumbukira, pakuti nzeru zimene dziko lonse lapansi likuchizira nthendayi lero zidayesedwa pa matupi a Amalawi ndi anansi awo, amene iwo ndi abale awo adavomera singano ija kangapo konse. Kafukufuku wotchedwa ACTA, wa anthu 721 a ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon, mwa iwo a ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe, adaonetsa mu 2018 kuti sabata imodzi ya amphotericin pamodzi ndi flucytosine imatsitsa imfa kufika pa 24 mwa 100 alionse. Wina wotchedwa AMBITION, wa anthu 844 a ku Malawi, Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, adaonetsa mu 2022 kuti diripi imodzi yokha ya amphotericin wa mapangidwe atsopano, yotsatidwa ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole masiku 14, imachiza mofanana koma mosavulaza thupi kwambiri, ndipo bungwe la WHO lidaivomereza chaka chomwecho. Diripi imodzi ndi chinthu chimene chipatala cha pa boma chingathe, popanda kutumiza wodwala aliyense ku Mzuzu Central. Zidadziwikanso kuti wodwala crypto sayenera kuyamba ma ARV nthawi yomweyo, koma adikire masabata 4 mpaka 6, kuti chitetezo chodzuka mwadzidzidzi chisatupitse ubongo. Ndipo kuyambira 2011 kulipo kapepala koyezera, kooneka ngati koyezera malungo, kamene m'mphindi 10 kamaulula chuku m'magazi masabata angapo mutu usanayambe kupweteka; chifukwa chake kuyambira 2017 WHO imalangiza kuti aliyense amene CD4 yake yatsika pansi pa 200 asamalidwe mwapadera ndi kufufuzidwa TB ndi crypto asanadwale.

Ngakhale zili tero, nthendayi sidathe. Akatswiri adawerengera kuti mu 2020 idagwira anthu 152,000 pa dziko lonse nipha 112,000, ndiye kuti 19 mwa imfa 100 zilizonse za Edzi, ambiri mwa iwo a kuno kummwera kwa Sahara. Kafukufuku wa m'Malawi wa 2020 ndi 2021 adapeza kuti 8.9 mwa akuluakulu 100 ali ndi kachirombo, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 a iwowo akudziwa. Otsalawo, pamodzi ndi amene adayamba mankhwala naleka, ndiwo akudzaza mabedi a crypto, ndipo amuna ndiwo amachedwa koposa. Apa ndi pamene msewu wa ku Joni ukumana ndi nthenda yathu. Mnyamata amanyamuka ndi buku la kuchipatala ndi mabotolo a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Akatha, mkazi wake amayesa kumutumizira kudzera mwa amatransipota, pamodzi ndi ufa ndi nyemba. Tsiku lina katundu safika. Wopanda mapepala amaopa chipatala cha kumeneko, makamaka chiyambire magulu onga Operation Dudula kuima pa zipata kubweza alendo. Wogwidwa n'kutsekeredwa ku Lindela amasiya botolo m'chipinda. Wogona anthu asanu m'chipinda chimodzi ndi anyamata a kumudzi kwawo amaopa kuti botolo likalira, uthenga ufika ku Manyamula iye asanafike. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Pakatha chaka kapena ziwiri mutu umayamba, anzake amasonkha ndalama, namukweza basi yodzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, masiku atatu pa mpando, kuti akafere kwawo. Ndipo ena amafika ali m'bokosi pa ngolo yokokedwa ndi galimoto.

Chotero mbiri yatembenuka. Kwa zaka zoposa makumi atatu mankhwala ndiwo adachedwa kufika kwa odwala. Lero, ngakhale mashelefu nthawi zina amauma, ndipo thandizo la kunja lidagwedezeka pamene America idaimitsa ndalama zake mu January 2025, kawirikawiri odwala ndiwo akuchedwa kufika kwa mankhwala. Kuchedwa koyamba kudali m'manja mwa makampani ndi maboma akutali. Kwachiwiriku mbali yake yaikulu ili m'manja mwathu, mwa atate amene amagamula nkhani za pabanja, mwa mafumu, abusa ndi anchimi amene anthu amayamba kuwafikira. Nchimi wanzeru akaona mutu wa masabata awiri pa munthu woonda angathe kunena kuti, pitani naye kaye pa Boma. Woleka mankhwala akabwerera kuchipatala ayenera kulandiridwa monga mwana wa pakhomo, osati kukalipiridwa pa mzere anthu akumva, pakuti wokalipiridwa kamodzi sabweranso. Ndipo popeza nkhanga zidapangana kusanapse, mwamuna amene akumanga chikwama cha ku Joni achita bwino kuitana atate ake ndi mkazi wake, nanena pamaso pa onse awiri kuti: “Adada, ndikadzadwala mutu ndipo adokotala akadzafuna madzi a pamsana, mawu a mkazi wangayu ndi mawu anga, asadikire munthu.”